Wofufuza woyima payekha

Wofufuza woyima payekha ndi munthu amene amafufuza nkhani m'malo mwa munthu wina, kampani kapena loya, ndipo amalipidwa pa ntchitoyo. Iye si wapolisi ndipo salembedwa ntchito ndi boma. Anthu amapita kwa iye akafuna kupeza m'bale amene anasowa, kudziwa amene akuba katundu pakampani, kutsimikiza ngati munthu amene akupempha chipukutamisozi ku inshuwalansi anavulaladi, kapena kupeza mboni za mlandu umene uli kukhoti.

M'mayiko ambiri wofufuza wotere alibe mphamvu zoposa za nzika ina iliyonse. Sangachite chipikisheni m'nyumba ya munthu, sangakakamize wina kuyankha mafunso, ndipo sangatsekere munthu m'chitokosi. Chifukwa cha ichi, maziko a ntchitoyi agona pa zinthu ziwiri: kudziwa kupeza zoona popanda kuphwanya lamulo, ndi kudziwa kuzisunga ndi kuzilemba mwadongosolo kuti munthu wina, ngakhale woweruza milandu, athe kuzikhulupirira. Wophunzira ntchitoyi amayamba ndi malamulo, kenako kufufuza m'zikalata, kufunsa anthu, kuzonda, kusamala umboni ndi kulemba lipoti.

Mbiri

Ofesi yoyamba yodziwika bwino ya ofufuza oyima paokha inatsegulidwa mumzinda wa Paris ku France m'chaka cha 1833. Mwini wake anali Eugène François Vidocq, amene anabadwa mu 1775 ndi kumwalira mu 1857. Vidocq anali chigawenga ali mnyamata ndipo anakhalapo m'ndende, koma pambuyo pake anayamba kuthandiza apolisi mpaka anatsogolera gulu la apolisi ovala zovala wamba lotchedwa Sûreté. Atachoka kupolisi anatsegula ofesi yakeyake, imene makamaka inkathandiza amalonda kudziwa anthu achinyengo amene ankatenga katundu pangongole n'kuthawa. Ambiri mwa antchito ake anali anthu amene anakhalapo akaidi. Vidocq amakumbukiridwa chifukwa chosunga makadi olembapo mbiri ya zigawenga. Apolisi a ku Paris sankakondwera naye, ndipo mu 1842 anamumanga. Khoti linamupeza wolakwa, koma atachita apilo anamasulidwa.

Ku United States, munthu amene anatchukitsa ntchitoyi ndi Allan Pinkerton. Iye anabadwira ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1819 ndipo anasamukira ku America mu 1842, komwe poyamba ankakhoma migolo. Cha m'ma 1850 anakhazikitsa kampani ya ofufuza mumzinda wa Chicago. Makasitomala ake oyambirira anali makampani a sitima zapamtunda ndi onyamula katundu, amene ankaberedwa kwambiri. Chizindikiro cha kampaniyo chinali diso lotseguka. Mu 1856 Pinkerton analemba ntchito Kate Warne, amene amadziwika ngati mayi woyamba kugwira ntchito ya ufufuzi m'dzikolo. Mu February 1861 antchito a Pinkerton anaperekeza Abraham Lincoln mwachinsinsi pa sitima ya usiku kudutsa mumzinda wa Baltimore, atamva kuti kuli chiwembu chofuna kumupha asanalumbiritsidwe kukhala pulezidenti.

Mbiri ya kampaniyi ilinso ndi mbali yoipa. Eni mafakitale ankailemba ntchito kuti izizonda mabungwe a anthu apantchito ndi kusokoneza sitalaka. Pa 6 July 1892 amuna a Pinkerton pafupifupi 300 anamenyana ndi ogwira ntchito pafakitale ya zitsulo ku Homestead m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo anthu anafa mbali zonse ziwiri. Chaka chotsatira, mu 1893, nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo loletsa boma kulemba ntchito anthu a Pinkerton ndi makampani ena ofanana nayo.

Ku Britain, Charles Frederick Field anatsegula ofesi yake yofufuza mu 1852 atapuma ntchito kupolisi ya London. Lamulo la 1857 litalola makhoti wamba a ku England kuthetsa maukwati, ofufuza anayamba kupeza ntchito yambiri chifukwa wofuna kusudzula mnzake ankayenera kubweretsa umboni wa chigololo. Mayiko ambiri atafewetsa malamulo a chisudzulo m'zaka za m'ma 1900, ntchito yotereyi inachepa, ndipo ofufuza ambiri anatembenukira kwa maloya, makampani a inshuwalansi ndi mabizinesi.

Ntchito zimene amagwira

Ofufuza ambiri amasankha mbali imodzi kapena ziwiri zimene amazidziwa bwino. Ena amagwira ntchito ndi maloya: amasaka mboni, amalemba zimene mbonizo zanena, amajambula malo amene ngozi inachitikira, komanso amakapereka makalata oyitanira munthu kukhoti. Pa milandu yaupandu, wofufuza akhoza kuthandiza mbali ya woimbidwa mlandu pounikanso umboni umene apolisi anatolera.

Ena amagwira ntchito ndi makampani a inshuwalansi, kufufuza ngati moto, kuba kapena kuvulala kumene munthu wanena kunachitikadi momwe akufotokozera. Ena amalowa m'makampani kukafufuza za kusowa kwa ndalama ndi katundu, ziphuphu, kapena kugulitsidwa kwa katundu wachinyengo wokhala ndi dzina la kampaniyo. Palinso amene amaunika mbiri ya munthu asanalembedwe ntchito, kapena mbiri ya kampani wina asanachite nayo mgwirizano wa malonda. Ena amasaka anthu: angongole amene anasamuka osatsanzika, abale amene anatayana kalekale, kapena oyenera kulandira chuma chamasiye. Nkhani za m'banja, monga kukayikirana pakati pa mwamuna ndi mkazi kapena kulimbirana ana, zikadalipo koma ndi gawo limodzi chabe la ntchitoyi.

Kusiyana kwake ndi wapolisi

Wapolisi amagwira ntchito m'dzina la boma ndipo lamulo limamupatsa mphamvu zomanga munthu, kuchita chipikisheni atatenga chilolezo kukhoti, ndi kulanda zinthu zimene zingakhale umboni. Wofufuza woyima payekha amagwirira ntchito amene wamulemba. Kumene lamulo limalola nzika kugwira munthu amene wapezeka akupalamula mlandu waukulu, wofufuza nayenso angatero, koma ayenera kumupereka kwa apolisi msanga ngati mmene aliyense angachitire. Kunamizira kukhala wapolisi ndi mlandu pafupifupi m'dziko lililonse. Ngati pofufuza wapeza umboni wa mlandu waukulu, njira yake ndi kudziwitsa kasitomala ndi apolisi, osati kuweruza yekha.

Njira zolowera ntchitoyi

Palibe sukulu imodzi imene aliyense amadzera. Ofufuza ambiri anayamba agwirapo ntchito kupolisi, kuusilikali, kuofesi ya maloya, kuinshuwalansi, kapena anali atolankhani ndi owerengera ndalama. Ena amayamba ngati othandizira pakampani ya ofufuza ndipo amaphunzira poyenda ndi amene anaiyamba kale. Maphunziro a zamalamulo, a zaupandu, a zowerengera ndalama ndi a makompyuta amathandiza. Bungwe la Association of Certified Fraud Examiners, limene linakhazikitsidwa mu 1988 ku Austin m'chigawo cha Texas, limapereka mayeso ndi satifiketi kwa anthu ofufuza za chinyengo pa ndalama m'mayiko ambiri.

Malamulo a ziphaso amasiyana dziko ndi dziko. Ku United States zigawo zambiri zimafuna kuti wofufuza akhale ndi laisensi. Ku California, mwachitsanzo, wopempha laisensi ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo, apimidwe zidindo za zala kuti aone ngati anapalamulapo mlandu, akhoze mayeso, ndipo asonyeze kuti anagwirapo ntchito yofufuza yolipidwa kwa maola 6,000 pa zaka zitatu. Amene ali ndi digiri ya zamalamulo amachepetseredwako maolawa. Ku France ntchitoyi imayang'aniridwa ndi bungwe la boma ndipo munthu ayenera kuchita maphunziro ovomerezeka asanaiyambe. Ku Japan lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2007 limafuna kuti kampani iliyonse ya ofufuza ilembetse kwa akuluakulu oona za chitetezo. Ku Britain lamulo la 2001 linatsegula njira yoti ofufuza azipatsidwa ziphaso, ndipo boma linalengeza mu 2013 kuti liyamba kutero, koma dongosololi silinayambe pa nthawi imene linalonjezedwa. Kumeneko mabungwe a ofufuza eni ake, monga Association of British Investigators, ndi amene amaika malamulo a khalidwe kwa mamembala awo.

Kulandira ntchito

Phunziro loyamba kwa wongoyamba kumene ndi kufufuza kasitomala asanafufuze wina aliyense. Wofufuza amafunsa kuti munthuyo ndi ndani, akufuna kudziwa chiyani, ndipo akachidziwa achita nacho chiyani. Munthu amene akuti akusaka mlongo wake wotayika akhoza kukhala mwamuna wankhanza amene akusaka mkazi amene anamuthawa. N'chifukwa chake ofufuza ambiri akapeza munthu wosakidwa sapereka adiresi yake nthawi yomweyo. Amayamba amuuza mwini wakeyo kuti pali wina akumufuna, ndipo iye ndi amene amasankha kukumana naye kapena ayi.

Ntchito ikavomerezedwa, mbali ziwirizi zimalemba mgwirizano wofotokoza funso limene likufufuzidwa, malipiro ake, ndalama zoyendera, ndi zinthu zimene wofufuza sadzachita. Ambiri amalipiritsa pa ola kapena pa tsiku, osati malinga ndi zotsatira, chifukwa munthu amene malipiro ake akudalira kupeza cholakwa amayesedwa kuti apeke cholakwacho. Funso liyenera kukhala lolunjika. Kufufuza ngati katundu wa m'nyumba yosungiramo zinthu akutuluka popanda malisiti ndi ntchito yotheka. Kungouzidwa kuti apeze chilichonse choipa cha munthu wakutiwakuti si ntchito yoyenera kulandira.

Kufufuza m'zikalata ndi pa intaneti

Gawo lalikulu la ufufuzi limachitikira pa desiki. Wophunzira amayenera kudziwa zikalata zimene aliyense amaloledwa kuona ndi maofesi amene zimasungidwa. Zina mwa izo ndi kaundula wa makampani, amene amasonyeza eni ndi oyendetsa kampani, kaundula wa malo, zigamulo za makhoti, zidziwitso za boma ndi nyuzipepala zakale. Zikalata zina, monga za kuchipatala, za kubanki ndi za mafoni amene munthu waimba, ndi zachinsinsi ndipo zimatuluka pokhapokha mwini wake atalola kapena khoti litalamula.

Masiku ano zambiri zimapezeka pa intaneti. Zimene munthu waika poyera pa Facebook kapena pamasamba ena a mchezo zikhoza kusonyeza komwe amakhala, anthu amene amacheza nawo ndi ntchito imene amagwira. Chithunzi chimatha kuulula malo amene chinajambulidwa kudzera m'zikwangwani, mapiri kapena nyumba zimene zikuoneka kumbuyo, ndipo wofufuza amaziyerekeza ndi mapu a pa intaneti. Gulu la Bellingcat, limene Eliot Higgins anayambitsa mu 2014, linatchukitsa njira zoterezi pofufuza nkhani zikuluzikulu pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka poyera. Kuwerenga zimene zili poyera n'kololedwa, koma kulowa muakaunti ya munthu pogwiritsa ntchito nambala yake yachinsinsi ndi mlandu, ngakhale amene wapereka nambalayo atakhala mwamuna kapena mkazi wake.

Lamulo la mmanja la ofufuza ndi lakuti mfundo iliyonse yofunika itsimikizidwe kuchokera ku magwero awiri osadalirana. Anthu ambiri amafanana mayina, choncho dzina lokha silikwanira. Pamafunikanso tsiku lobadwa, chithunzi kapena chizindikiro china. Kusokoneza anthu awiri a dzina limodzi kukhoza kuchotsetsa ntchito munthu wosalakwa.

Kufunsa anthu

Popeza wofufuza sangakakamize munthu kulankhula, amadalira ulemu ndi kukonzekera. Amadzitchula dzina, amanena mbali imene akuimira, ndipo amasankha malo amene munthuyo angamasuke. Amayamba ndi funso lotambasuka, monga kupempha munthu kuti afotokoze zonse zimene anaona kuyambira pachiyambi, ndipo samudula pakamwa. Mafunso ofuna tsatanetsatane amabwera pambuyo. Mboni zimafunsidwa payokhapayokha kuti wina asatengere zimene mnzake wanena.

Mawu a funso amatha kusintha zimene munthu akukumbukira. Mu 1974 akatswiri a zamaganizo Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa anthu mafilimu a ngozi za galimoto, kenako anawafunsa liwiro la galimotozo. Amene anafunsidwa ndi mawu amphamvu osonyeza kuphwanyika anatchula liwiro lalikulu kuposa amene anafunsidwa ndi mawu ofatsa osonyeza kugundana chabe, ngakhale onse anaonera zinthu zofanana. N'chifukwa chake wophunzira amalangizidwa kupewa mafunso okhala ndi yankho m'kati mwake. M'malo mofunsa ngati galimotoyo inali yofiira, amafunsa kuti inali ya mtundu wanji.

M'zaka za m'ma 1980 Ronald Fisher ndi Edward Geiselman anakonza njira yothandiza mboni kukumbukira zambiri, monga kuipempha kuti ibwerere m'maganizo pamalo a nkhaniyo ndi kunena ngakhale zinthu zimene ikuziona ngati zazing'ono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 apolisi a ku England ndi Wales anayamba kugwiritsa ntchito dongosolo lotchedwa PEACE, limene cholinga chake ndi kupeza mfundo osati kufinya munthu kuti avomere mlandu. Ofufuza ambiri oyima paokha amatsata njira zomwezi. Pomaliza, zimene mboni yanena zimalembedwa m'mawu ake omwe, imaziwerenga kapena kuwerengeredwa, imakonza molakwika, ndipo imasayina ndi kuikapo tsiku. Kuopseza mboni kapena kuilipira kuti inene zakutizakuti kumaononga umboniwo komanso ndi mlandu.

Kuzonda

Kuzonda ndi kuonerera munthu kapena malo mwini wake asakudziwa. Kulipo kwa mitundu iwiri: kukhala pamalo amodzi, monga m'galimoto yoimikidwa chapatali ndi geti, ndi kutsatira munthu wapansi kapena pagalimoto. Wofufuza amayamba wakaona malowo tsiku lina kuti adziwe misewu yolowera ndi yotulukira komanso pamene angaime popanda kudabwitsa anthu. Amavala monga anthu a m'deralo amavalira. Potsatira, amasiya mpata wokwanira, ndipo akaona kuti munthuyo wayamba kukayikira amasiya. Kutaya munthu tsiku limodzi kuli bwino kusiyana ndi kuzindikiridwa, chifukwa munthu amene wadziwa kuti akutsatiridwa amasintha mayendedwe ake onse. Pa chifukwa chomwechi ntchito yotsatira imayenda bwino ngati ozonda ali awiri kapena atatu osinthana.

Nthawi yambiri ya kuzonda imathera podikira. Munthu akhoza kukhala maola ambiri osaona kanthu, kenako chimene amadikira n'kuchitika m'masekondi ochepa. Zonse zimalembedwa m'buku nthawi yomweyo: tsiku, ola, malo, zimene zaoneka ndi nambala ya galimoto. Wozonda amalemba zimene maso ake aona, osati zimene akuganiza. Amalemba kuti mwamuna wovala malaya oyera ananyamula makatoni awiri kuchokera m'nyumba yosungiramo katundu n'kuwaika m'galimoto nthawi ya 6:40 madzulo. Salemba kuti mwamunayo anaba makatoni awiri, chifukwa kuba ndi chigamulo chimene chimafuna umboni wina.

M'mayiko ambiri kujambula munthu ali pamsewu kapena pamsika n'kololedwa. Kulowa mumpanda wa munthu popanda chilolezo, kusuzumira pawindo la kuchipinda, kapena kubisa kamera m'nyumba ya wina n'kosaloledwa. Kumata kachipangizo ka GPS pagalimoto ya munthu wina mwini wake asakudziwa n'koletsedwa m'madera ambiri. Kutsatira munthu mpaka kumuchititsa mantha kumasanduka mlandu wovutitsa munthu.

Kusamala umboni

Edmond Locard, amene anatsegula labotale ya apolisi mumzinda wa Lyon ku France mu 1910, anaphunzitsa kuti munthu akakhudza chinthu amasiyapo kanthu ndipo amatengapo kanthu. Mfundoyi imakhudzanso wofufuza mwini wake, chifukwa akagwira chinthu mosasamala amasiyapo zidindo za zala zake ndi kufufuta za ena. Choncho chinthu chimajambulidwa pamalo pamene chapezeka chisanasunthidwe, chimagwiridwa ndi magolovesi, chimaikidwa m'thumba lakelake lomata, ndipo pathumbapo pamalembedwa tsiku, malo ndi dzina la amene wachitola. Malo amene pachitikira mlandu waupandu ndi a apolisi, ndipo wofufuza woyima payekha sayenera kusunthapo kanthu.

Umboni uliwonse umayenda ndi pepala losonyeza aliyense amene anaugwirapo, nthawi imene anaulandira ndi nthawi imene anaupereka kwa wina. Pakakhala mpata wosafotokozeka, loya wa mbali inayo akhoza kunena kuti umboniwo unasinthidwa. Zithunzi ndi mafayilo a pakompyuta zimasungidwa momwe zinalili poyamba, ndipo ntchito imachitikira pa makope ake. Akatswiri amawerengera fayilo iliyonse nambala yapadera yotchedwa hash, imene imasintha ngati fayiloyo yasinthidwa ngakhale pang'ono. Wotchi ya kamera iyenera kukhala yolondola, popeza chithunzi chokhala ndi tsiku lolakwika chimachititsa kuti umboni wonse ukayikiridwe.

Kulemba lipoti

Chimene kasitomala amalipira kwenikweni ndi lipoti. Lipoti labwino limanena funso limene linafufuzidwa, njira zimene zinatsatidwa, zimene zapezeka motsatana ndi nthawi, ndi komwe mfundo iliyonse yachokera. Limasiyanitsa zimene wofufuza anaona yekha, zimene anauzidwa ndi ena, ndi zimene akungoganizira. Limatchulanso zimene zikutsutsana ndi zofuna za kasitomala. Ngati munthu wokayikiridwa anazondedwa masiku asanu osachita cholakwa chilichonse, lipoti liyenera kunena zomwezo.

Vuto limene ofufuza amachenjezedwa nalo kawirikawiri ndi kukhulupirira yankho limodzi msanga n'kumangoona umboni wogwirizana nalo. Njira yopewera ndi kulemba mafotokozedwe onse otheka pachiyambi ndi kufunafuna dala umboni umene ungagwetse maganizo amene wofufuzayo akuwakonda. Wofufuza akhoza kuitanidwa kukhoti kukachitira umboni atalumbira, ndipo kumeneko amafunsidwa pa chiganizo chilichonse chimene analemba.

Pamene malire anadumphidwa

Malamulo ambiri okhudza ntchitoyi anabwera anthu atavulazidwa kale. Mu July 1989 Rebecca Schaeffer, mtsikana wa zaka 21 wochita zisudzo za pa TV, anawomberedwa pakhomo la nyumba yake ku Los Angeles ndi mwamuna amene ankamulondalonda. Mwamunayo anapeza adiresi yake polipira kampani ya ofufuza, imene inaitenga kuofesi yolembetsa galimoto ya ku California. Imfayi inathandiza kuti California ikhazikitse lamulo loletsa kulondalonda munthu mu 1990, ndiponso kuti mu 1994 dziko lonse la United States likhale ndi lamulo la Driver's Privacy Protection Act, lochepetsa anthu amene angaone zikalata za oyendetsa galimoto.

Mu 2006 zinaululika kuti ofufuza amene analembedwa ntchito ndi kampani ya makompyuta ya Hewlett-Packard ananamizira kukhala mamembala a bodi ya kampaniyo ndi atolankhani kuti makampani a mafoni awapatse mndandanda wa mafoni amene anthuwo anaimba. Cholinga chinali kupeza amene ankaulula zinsinsi za bodi. Wapampando wa bodiyo anatula pansi udindo, ndipo dzikolo linakhazikitsa lamulo loti kupeza zikalata za mafoni mwa bodza ndi mlandu.

Ku Britain, wofufuza Glenn Mulcaire anagamulidwa mu January 2007 kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi chifukwa chomvetsera mwakuba mauthenga a mawu osiyidwa m'mafoni a anthu, kuphatikizapo ogwira ntchito kubanja lachifumu. Ankagwirira ntchito nyuzipepala ya News of the World. Zitadziwika kuti anthu amene anachitiridwa zimenezi anali ambiri, nyuzipepalayo inatsekedwa mu July 2011 itakhala ikutuluka kwa zaka 168.

Malamulo kummwera kwa Africa

Ku South Africa ofufuza oyima paokha amawerengedwa m'gulu la opereka chitetezo, ndipo lamulo la 2001 limafuna kuti alembetse kubungwe la PSIRA asanayambe ntchito. Dzikolo lilinso ndi lamulo la 2002 loletsa kumvetsera mauthenga a ena popanda chilolezo, ndi lamulo la 2013 loteteza mbiri ya munthu, lodziwika ndi dzina loti POPIA.

Ku Malawi, gawo 21 la malamulo aakulu oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi. Ufuluwu ukuphatikiza kusachitidwa chipikisheni pathupi, m'nyumba kapena pa katundu, kusalandidwa zinthu zake, ndi kusasokonezedwa pa makalata ndi mafoni ake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta kapena m'zinthu za munthu za pa intaneti popanda chilolezo, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo la Data Protection Act lonena za kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka mbiri ya anthu. Zambia inakhazikitsa lamulo la dzina lomweli mu 2021. Malamulowa amakhudza aliyense amene akufufuza za munthu wina, kaya ndi kampani ya chitetezo, wolemba anthu ntchito kapena wachibale.

M'mabuku ndi m'mafilimu

Anthu ambiri amaidziwa ntchitoyi kudzera m'nthano. Sherlock Holmes, wofufuza wopeka wa Arthur Conan Doyle, anaonekera koyamba mu 1887. Dashiell Hammett, amene anagwirapo ntchito kukampani ya Pinkerton, analemba buku la The Maltese Falcon limene linatuluka mu 1930. Mu 1998 Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo m'dziko la Zimbabwe, anatulutsa buku la The No. 1 Ladies' Detective Agency, lonena za Precious Ramotswe, mayi amene anatsegula ofesi yofufuza ku Gaborone m'dziko la Botswana. M'mafilimu ambiri wofufuza amathyola zitseko, amathamangitsana ndi zigawenga ndipo amamaliza mlandu m'masiku ochepa. Pa ntchito yeniyeni, kuthyola chitseko kumamulandetsa laisensi kapena kumupititsa kundende, ndipo masiku ake ambiri amathera powerenga zikalata, kuimba mafoni, kudikira ndi kulemba.